Ufulu wa Munthu Ndi Udindo Wathu

Pamene dziko lathu linayamba kudzilamulira mu 1964, malamulo ake aakulu anali ndi ndime zoteteza ufulu wa nzika iliyonse. Mu 1966 ndimezo zinachotsedwa, ndipo anthu ambiri anatsekeredwa ku Dzeleka ndi ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Tinkayankhula monong'ona ngakhale m'nyumba zathu zomwe.

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya Aepiskopi athu inawerengedwa m'matchalitchi. Kenaka kunadza riferendamu ya 1993, ndipo malamulo aakulu a 1994 anabwezeretsa ufulu uja m'mutu wachinayi, nakhazikitsa ofesi ya Ombudsman ndi bungwe loona za ufulu wa anthu. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inaletseratu ukwati wa mwana wosakwana zaka 18.

Komabe pamene mtsikana akutulutsidwa pasukulu kuti akwatiwe, pamene mayi wamasiye akulandidwa katundu pambuyo pa maliro, woweruza sakhalapo. Timakhalapo ndife: makolo, ankhoswe, akatekisi. Tikakhala chete, tachotsanso ndime zija ndi manja athu. Munthu aliyense ndi chifaniziro cha Mulungu, tiyeni timuteteze. Amen.