Mawu amene ndinayankhula kwa makolo ndi ana ku Al Mankhool pa nkhani ya intavyu ya udokotala

Ine si dokotala ayi, ndine nesi wamba wa dipuloma, koma poti mwandipatsa mpata, ndinenepo zomwe ndaona pokonzekeretsa mwana wa achimwene anga.

Ambiri tikamva intavyu timaganiza za mabwana atatu atakhala kuseri kwa tebulo. Masukulu ambiri a udokotala anasintha. Pa MBRU, yomwe inatsegulidwa mu 2016 ku Dubai Healthcare City, masiteshoni awiri okha a metro kuchokera pa BurJuman apa, amagwiritsa ntchito MMI, njira yomwe inayambira ku McMaster University ku Canada cha m'ma 2002. Mwana amadutsa m'zigawo zingapo, chilichonse mphindi zochepa, wofunsanso wina. Mwina amapatsidwa nkhani yoti aiganizire, mwinanso amakumana ndi munthu wochita sewero ngati wodwala. Biology sakufunsanso, magiredi anawaona kale. Akufuna aone mmene umayankhulira ndi munthu amene ali pa mavuto.

Ndiye ine ndinamuyesa mtsikanayu kunyumba. Ndinati, tiyerekeze kuti bambo anga apezeka ndi khansa, ine mwana wawo ndikukupempha kuti usawauze. Upanga bwanji? Mwana wakhoza bwino mayeso onse uyu, koma anangozyolika n'kunena kuti "chabwino anti." Basi! Sindinamudzudzule, chifukwa tinamulera tokha chomwecho: wamkulu akayankhula usatsutse, usamuyang'ane m'maso. Kumudzi ndi ulemu umenewo, koma pa intavyu wofunsa amalemba kuti alibe maganizo akeake. Chofunika n'kufunsa kaye chimene mwana wa wodwalayo akuopa, kumumvetsera, kenaka kumufotokozera mofatsa kuti matendawo ndi a bambowo, ali ndi ufulu wodziwa ngati akufuna kudziwa. Zimenezi n'zosaloweza. Makolo, muzilola ana kukutsutsani pa chakudya chamadzulo, bola mwaulemu.

Funso loti n'chifukwa chiyani ukufuna udokotala silimalephera. Mtsikanayu anali ataloweza za pa intaneti, zoti "ndikufuna kuthandiza anthu." Aliyense akanena zomwezo. Nditamufunsitsa anatulutsa zoti ali Fomu 2 anakhala gadiyani wa agogo ake ku Queens ku Blantyre, kuwasambitsa, kuwaphikira phala, kugona pansi pafupi ndi bedi. Ankabisa, akuti ndi zaumphawi, azungu ndi Aarabu amuseka. Abale inu! Ana ambiri amene akapikisane naye anangoyenda pambuyo pa dokotala masiku ochepa, sanatembenuzepo wodwala pa bedi. Anene zimenezo, ndi zimene zinamuvuta zomwe, osakometsera.

Tsono pali funso lina limene ngakhale ine limandisowetsa tulo: ukamaliza udzagwira kuti? College of Medicine inatsegulidwa mu 1991 kuti Malawi aziphunzitsa madokotala ake, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala KUHeS. Komabe taonani tadzazana muno, ine ndemwe ndinasiya wodi kumudzi. Musamuphunzitse mwana kulumbira kuti adzabwerera pamene m'nyumba mumakamba zina. Wofunsa akangowonjezera kafunso kamodzi, bodza limaonekera.

Loweruka likudzali ndili off. Amene ali ndi ana ofuna kuyeserera abwere nawo masana, ine ndikhala wodwala wovuta.