Gawo Lanu la Linga Ndi Liti?

 Lero titsegule pa Nehemiya mutu 3.

Ambiri a ife mutu uwu timaudumpha, pakuti wadzaza ndi maina ovuta kutchula. Komatu maina amenewa ndi a anthu amene anamanganso linga la Yerusalemu, ndipo mutu 6 ukutiuza kuti ntchitoyo inatha m'masiku 52. Taonani amene anagwira. Eliyasibu, mkulu wa ansembe, anayambira pa Chipata cha Nkhosa. Uziyeli anali wosula golidi, Hananiya wosanganiza zonunkhira. Manja awo sanazolowere miyala, koma anaisenza. Salumu anabwera ndi ana ake aakazi. Ndipo Malikiya, munthu waudindo, anakonza Chipata cha Kudzala, kumene kunkatulukira zinyalala za mzinda. Ine Malikiya ndimamukonda, abale anga, chifukwa gawo lake silinali loti munthu nkudzitama nalo.

Tsono tibwere ku mpingo wathu waung'ono uja. Mwina mumapemphera m'kachisi wofolera udzu, mwina m'kalasi yobwereka kapena m'galaja. Abusa amafika kamodzi pamwezi, pakuti ali ndi nthambi zambiri. Amene amatsegula chitseko ndi mayi mmodzi yemweyo: ndiye amasesa, ndiye amaphunzitsa ana, ndiyenso amatsogolera kuphika pamaliro. Tsiku limene mayiyo adzadwale kapena kusamuka, anawo adzakhala pansi pa mtengo popanda wowaphunzitsa, ndipo pakatha miyezi yowerengeka adzaleka kubwera. Mipingo yaing'ono simafa ndi chizunzo chokha ayi. Imafanso pamene wogwira ntchito mmodzi watopa ena onse akuonerera. Makolo anati mutu umodzi susenza denga.

Mungayambire pati? Pa vesi 28 tikuona ansembe akukonza aliyense gawo loyang'anana ndi nyumba yake. Yambani ndi chimene chili pafupi nanu. Ngati mumadziwa kuwerenga, pali agogo amene maso awo anafooka, ndipo Baibulo lawo langokhala m'thumba. Pitani Lachitatu madzulo mukawawerengere salimo limodzi. Muli ndi njinga? Wodwala akusowa womutengera kuchipatala. Mmisiri aone benchi lothyoka lija, mlimi apereke m'mawa umodzi kumunda wa mpingo. Ngati mumadziwa masamu, khalani wachiwiri powerenga chopereka, pakuti ndalama za mpingo zikamawerengedwa ndi munthu mmodzi, ngakhale wokhulupirika chotani, miseche siichedwa kubuka.

Musadikire kuitanidwa pachilengezo. Mapemphero akatha, pitani kwa mkulu wa mpingo, mumuuze ntchito imodzi imene mungathe ndi tsiku limene mungaichite. Lonjezani zochepa zimene mudzakwaniritse. Kuli bwino kusesa Loweruka lililonse kwa chaka chathunthu kusiyana ndi kuvomera maudindo asanu nkuwasiya mvula yoyamba ikagwa.

Ndilankhulenso kwa inu atsogoleri, ndipo mundikhululukire. Nthawi zina anthu sadzipereka chifukwa makiyi onse ali m'thumba mwanu. Mnyamata akalakwitsa kamodzi powerenga Mau, simumupatsanso mwayi. Kodi inu tsiku loyamba munawerenga bwino? Mpatseninso vesi Lamulungu likudzali, ndipo mukhale naye pansi Loweruka kuti ayeseze.

Pa vesi 5 palembedwa chinthu chomvetsa chisoni: anthu a ku Tekowa anagwira ntchito, koma akuluakulu awo anakana kuweramitsa makosi awo. Anthu wambawo sanakhumudwe nazo, pakuti pa vesi 27 tiwapezanso akukonza gawo lachiwiri. Ngati kwanuko olemekezeka apinda manja, inu nyamulani tsache lanu ndithu.

Sabata yamawa tidzaona mutu 4, pamene Sanibalati ndi Tobiya anayamba kunyoza omangawo. Muuwerengeretu pamodzi ndi a pabanja panu.