Mafuta a jeraniyamu: tisathamangire kuzula chinangwa



Nkhani ya jeraniyamu yafika m'makalabu athu. Chomerachi kwawo ndi ku South Africa, koma amene amagulitsa mafuta ake ambiri ndi Egypt ndi China. Mafutawa amanunkhira ngati maluwa a rozi. Amawathira mu sopo ndi mu pefyumu, ndipo ena amawanunkhiza kapena kusisitira thupi kuti mtima ukhale pansi. Fungo lake udzudzu umadana nalo, koma silichiza malungo: neti ndi chipatala tisazisiye.

Mafutawa amatchezedwa ndi nthunzi, monga kachasu. Tani yathunthu ya masamba imangotulutsa lita imodzi kapena awiri basi. Komanso jeraniyamu sagwirizana ndi nthaka yodikha madzi, ngati madambo athu a mpunga.

Choncho tikupempha Unduna wa Zaulimi kuti uyambe wayesa mbewuyi kuno kunyanja, alangizi atiuze zotsatira. Wobweretsa mbewu abweretsenso makina otchezera ndi mgwirizano wolemba wa mtengo. Izi zisanachitike, chinangwa chikhale m'munda, ana asagone ndi njala.