Mwana Wokonda Kujambula: Kodi Adzadya Ciani?

Madzulo ano ndifuna kulankhula ndi makolo amene ali ndi mwana wa dzanja laluso, mwana uja wodzaza buku la masamu ndi zithunzi za magalimoto ndi nkhope za anthu. Mwana wotere akatsiriza Giredi 12, nanena kuti afuna kukaphunzira zojambula, atate ambiri amakwiya, nati, "Kodi cithunzi cidyeka?" Funsoli nlabwino ndithu, pakuti ndalama za sukulu zicokera m'thukuta la pansi pa mgodi.

Sukulu yodziwika pa maphunziro awa m'dziko lathu ndiyo Evelyn Hone College, pa Church Road mu Lusaka. Inatsegulidwa m'caka ca 1963, ndipo dzina lace ndi la Sir Evelyn Hone, Bwanamkubwa wotsiriza wa Northern Rhodesia. Kumeneko mwana sangosewera ndi utoto ai. Aphunzira kuyang'ana cinthu nthawi yaitali asanacilembe, kusakaniza mitundu, kuumba ndi dothi, kusema, ndiponso mbiri ya amisiri akale. Ena aphunziranso njira zophunzitsira ana, natuluka ndi dipuloma ya uphunzitsi.

Tsono mverani bwino apa. Mwa otsiriza maphunziro otere, ndi ocepa amene amadya ndi kugulitsa zithunzi kokha. Njira yotakata ndiyo uphunzitsi m'masukulu, kumene malipiro abwera mwezi ndi mwezi. Njira ina ndiyo ya zosindikiza. Yang'anani cikwangwani ca sitolo, cikuto ca buku la mwana wanu, maluwa a pa citenje ca amai: zonsezo pali munthu amene anayamba wazijambula, ndipo analipidwa. Ngakhale mbendera imene inakwezedwa pa 24 October 1964 inapita m'manja mwa mmisiri, Mai Gabriel Ellison, amenenso anajambula masitampa ambiri a Zambia. Masiku ano nchito yotere icitika pa kompyuta, ndipo mwana wokana kompyuta adzitsekera yekha khomo lalikulu.

Nanga iye amene mtima wace uli pa zithunzi zenizeni, zopacika pa khoma? Sindimletsa, koma adziwe kumene apita. Utoto wabwino ndi maburashi nzodula, ogula ndi owerengeka, ndipo cithunzi cikhoza kukhala miyezi pa khoma anthu akungociyamikira ndi pakamwa. Taganizani za Henry Tayali, amene anabadwa m'caka ca 1943 namwalira mu 1987. Anaphunzira ku Makerere mu Uganda, napitanso ku Düsseldorf m'dziko la Germany. Fano lace lochedwa The Graduate liimirira pa University of Zambia, ndipo nyumba yoonetsera zithunzi ku Showgrounds mu Lusaka ichedwa ndi dzina lace. Koma ngakhale mmisiri wamkulu cotere anali pa nchito ya malipiro pa yunivesitiyo. Ngati Tayali anagwira makasu awiri, mnyamata wa ku Chamboli kapena mtsikana wa ku Matero asacite manyazi kuphunzitsa m'mawa ndi kujambula zace madzulo.

Thandizo liripo, ngakhale silikwanira onse. Bungwe la Lechwe Trust, loyamba m'caka ca 1986, lakhala likugula nchito za amisiri a m'dziko muno ndi kuthandiza ena pa maphunziro.

Musanaturutse ndalama, muyeseni mwanayo. Kukopa cithunzi ca m'nyuzipepala sikuonetsa kanthu. Ana ambiri akhoza zimenezo. Muuzeni ajambule amace alikutsuka mbale, ndipo inu muyang'anitsitse manja ndi mapazi, pakuti ndipo pamene ofooka amabisa m'thumba kapena m'udzu. Acite cotero masabata angapo, popanda womkumbutsa. Mapepala onsewo awasunge m'cikwama cimodzi, abwino ndi oipa omwe, ndipo inu mupite naye kwa mphunzitsi wa zojambula wa pa sukulu yace, mukamve mau ace musanalembere ku Lusaka.