Nyimbo ya Ingoma Yomwe Idawoloka Nyanja



Nkhani ya lero ndi ya nyimbo za Angoni a kwa M'mbelwa: kumene zidachokera, anthu amene adaziimbanso mwatsopano, ndi mayina amene adatsala m'njira pamene nyimbozo zinkayenda.

Angoni adawoloka mtsinje wa Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo patapita zaka pafupifupi 20 ana ake adakhazikika m'dera limene lero ndi boma la Mzimba. Adabwera ndi nyimbo za nkhondo, za ukwati, za maliro ndi zotamanda mafumu. Ingoma ya kuno siidalira ng'oma yachikopa. Amuna amaponda pansi mwamphamvu atanyamula chishango ndi chibonga, amayi amawomba m'manja, mmodzi amayambitsa nyimbo ndipo khamu lonse limavomera. Palibe amene ankalemba mawu a nyimbozi. Mwana ankaziphunzira pabwalo, ataima kumbuyo kwa atate ake.

Uthenga wa mishoni ya Livingstonia udafika kwa Angoni kudzera mwa William Koyi, mlaliki wa Chixhosa amene adakhala ku Njuyu kuyambira mu 1882. Mu 1889 mishoni ya Ekwendeni idatsegulidwa, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera kuno ku Mzuzu, ndipo mu 1890 Mawelera Tembo ndi m'bale wake Makara adakhala Angoni oyamba kubatizidwa. Amishoni ambiri a masiku amenewo ankaona magule ngati zachikunja. M'tchalitchi munkaimbidwa nyimbo za kwa Azungu zongotembenuzidwa, ndipo maimbidwe ake nthawi zambiri sankayenderana ndi kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu a zinenero za kuno.

Zinthu zidasintha pamene kudabwera Donald Fraser wa ku Scotland mu 1896, amene Angoni adamutcha Chisekeseke. Atakhazikika ku Loudon, komwe ndi ku Embangweni, mu 1902, Fraser adalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo zawozawo, ndipo pankakhala mipikisano imene aphunzitsi ndi ana a sukulu za m'midzi ankabweretsako nyimbo zatsopano. Mawelera Tembo, Peter Thole, Jonathan Chirwa ndi Charles Chinula ndi ena mwa amene adatchuka pa ntchitoyi. Ambiri adatenga maimbidwe a ingoma, a nkhondo ndi otamanda mafumu, nawapatsa mawu a chikhulupiriro chatsopano. Nyimbo imene inkatamanda inkosi pabwalo idayamba kutamanda Mulungu m'kachisi, koma woyambitsa ndi ovomera adakhala m'malo awo monga kale. Uku kunali kuimbidwanso koyamba. Buku la Sumu za Ukhristu lidasunga nyimbo zoposa 100 zopekedwa ndi anthu a dziko lino, ndipo mpaka lero zimaimbidwa m'mipingo ya Sinodi ya Livingstonia, imene likulu lake lili mumzinda muno.

Kuimbidwanso kwachiwiri kudachitika m'Chingerezi. Mu 1959 Helen Taylor adatulutsa buku lotchedwa Tunes from Nyasaland, momwe adalemba maimbidwe a nyimbo za kuno ndi kumasulira mawu ake. Tom Colvin, m'busa wa ku Scotland amene adagwira ntchito ku Blantyre komanso ku Ghana, adapitiriza ntchitoyi mpaka nyimbozo zidalowa m'mabuku a mipingo ya ku Ulaya ndi ku America. Buku la nyimbo la Church of Scotland la mu 2005 lili ndi nyimbo ya Chinula yonena za Mwana wa Nkhosa wa Mulungu. Motero zidzukulu za amishoni zimaimba nyimbo yopekedwa ndi munthu wa ku Mzimba, ndipo dzina lake lidasindikizidwa patsambapo.

Si nyimbo zonse zimene zidayenda ndi dzina la mwini wake. Colvin adatolanso maimbidwe ena a m'midzi ya m'dziko lino, ndipo amodzi mwa iwo adawagwiritsa ntchito pa nyimbo ya Khirisimasi yotchedwa That Boy-Child of Mary, imene ili m'buku la mpingo wa United Methodist ku America la mu 1989. Maimbidwewo adapatsidwa dzina loti Blantyre, ndipo bukulo limangoti ndi a makolo a ku Malawi. Mudzi umene adachokera ndi munthu amene adawaimba koyamba satchulidwa.

Abale a Angoni ku South Africa adakumana ndi zowawa kuposa pamenepa. Mu 1939 Solomon Linda, Mzulu, adajambulitsa nyimbo ya Mbube ndi gulu lake la Evening Birds ku Johannesburg. Pete Seeger ndi gulu la The Weavers adaiimbanso ku America poitcha Wimoweh, ndipo mu 1961 gulu la The Tokens lidaisandutsa The Lion Sleeps Tonight, imene idadzamvekanso mu filimu ya The Lion King mu 1994. Nyimboyi idapanga chuma chambiri, koma Linda adamwalira ali wosauka mu 1962. Ana ake adapeza gawo lawo mu 2006, nkhaniyo itafika kubwalo la milandu.

Kuno ku Malawi lamulo la umwini wa ntchito za luso la mu 2016 limateteza nyimbo ndi nthano za makolo, ndipo bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992, limayang'anira ufulu wa opeka. Komabe lamulo limavutika kuteteza nyimbo imene palibe akudziwa kwawo. Apa mpamene pagona ntchito ya mabungwe osunga chikhalidwe, makwaya ndi oimba achinyamata. Kuimbanso nyimbo ya makolo ndi gitala kapena kuijambula mu situdiyo sikulakwa, pakuti Tembo ndi Chinula nawonso adachita chimodzimodzi m'nthawi yawo. Chofunika nchakuti wojambula nyimbo kwa gogo, ngakhale ndi foni ya m'manja, ayambe wapempha chilolezo, kenako alembe dzina la woimbayo, mfunda wake, mudzi wake, mwambo umene nyimboyo imaimbidwira, ndi amene adamuphunzitsa. Nyimboyo ikatuluka pa wailesi kapena pa intaneti, mayina amenewa atuluke nayo limodzi, ndipo ikabweretsa ndalama, kumudzi kumene idachokera kufikeko gawo.

Magule akayamba pabwalo lino, mvetserani bwino woyambitsa nyimbo, ndipo mwambo ukatha mumufunse amene adamuphunzitsa.