Tibzale Magalagadeya pa Khomo



Lero tikambirane za zipatso zoyanga. Ana athu amene amapita ku Joni amasimba za chipatso china chotchedwa kiwi, ndipo ena mwa inu mwafunsa ngati chingachite kuno. Chipatsochi kwawo ndi ku China. Mbewu zake zinafika ku New Zealand m'chaka cha 1904, ndipo alimi a kumeneko ndiwo anachitchukitsa. Ulipo mtundu wina waung'ono, wosalala khungu ngati mphesa, umene umamera ku Japan, ku Korea ndi kumpoto kwa China. Umenewu umapirira chisanu choumitsa madzi, ndipo kuti ubale bwino umafuna kuzizira kwa miyezi ingapo, usana ndi usiku. Pamafunikanso mtengo wamwamuna ndi wamkazi, ndipo mlimi amadikira zaka 3 kapena kupitirira asanalaŵe kanthu. Inde, kwathu kuno kumazizira mu Juni ndi Julayi, koma dzuŵa likakwera chisanu chatha. Tsono za kiwi tizisiye.

Ife tili nacho chipatso choyanga chimene chimakonda dziko lokwera ndi lozizirirako ngati la Mzimba. Ndikunena magalagadeya, aja akuda mofiirira. Anachokera ku South America, koma anazoloŵera kwathu kalekale. Mtengo umodzi umabala wokha, ndipo ukasamalidwa umayamba kubala chisanathe chaka kuchokera tsiku lowokera.

Nanga tivutikirenji? Taganizani za ana. Mango akatha kumayambiriro kwa chaka, m'makomo ambiri imapita miyezi ana osalaŵa chipatso. Magalagadeya ali ndi vitamini C wothandiza thupi kulimbana ndi matenda, ndipo akamathiriridwa amabala kwa miyezi yambiri. Safuna munda waukulu chifukwa amakwera m'mwamba. Otsala mukhoza kugulitsa pa msika wa Embangweni kapena ku Jenda, n'kupeza ya mchere ndi sopo.

Tsopano mvetsetsani kabzalidwe kake.

Choyamba, mbewu. Tengani chipatso chakupsa kuchokera ku mtengo wathanzi. Tsukani njere zake, muziumitse pa mthunzi, n'kufesa m'machubu. Njere zatsopano zimamera pakatha masabata 2 kapena 3. Fesani mu Seputembala kuti mbande zifike masentimita 20 kapena 30 pamene mvula ikukhazikika mu Disembala.

Chachiŵiri, malo. Musabzale ku dambo. Kumeneko madzi amaima m'dzinja n'kuwoletsa mizu, ndiponso ndiko chisanu chimagona. Sankhani pa khomo, pamene dzuŵa limafika koma mphepo siwomba kwambiri. Pafupi ndi thandala la mbale ndi pabwino, pakuti madzi otsukira sakhala patali. Kumbani dzenje lakuya kufika m'bondo, masentimita 45, m'lifupi chimodzimodzi. Sakanizani dothi lapamwamba ndi ndoŵa imodzi ya manyowa owolerana a m'khola. Pakati pa dzenje ndi dzenje pakhale mamita 3.

Chachitatu, pokwera pake. Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Amabzala kaye, nati mitengo adzaimika maŵa. Maŵalo silifika, chomera chimayanga pansi, nkhuku n'kupalasa, zipatso n'kuwola. Inu imikani mphanda musanawokere, zotalika mamita 2 kuchokera pansi, ndipo mumange waya kapena mtanda pamwamba. Sankhani mitengo yolimba, muziyang'ana chiswe kaŵirikaŵiri, chifukwa chomera chikabala chimalemera ndithu. Mangani chingwe kuchokera pa mbande kufika pa waya. Siyani tsinde limodzi kapena aŵiri kuti akwere, mphukira za m'mbali muzichotsa. Akafika pa waya, ayange uku ndi uku, nthambi zobala zizilendeŵera pansi.

Chachinayi, madzi ndi mpanda. Kuyambira Meyi mpaka Novembala mvula kulibe. Thirirani kaŵiri pa sabata, ndipo phimbirani nthaka ndi udzu wouma, koma udzuwo usakhudze tsinde. Mukudziŵanso kuti tikakolola, mbuzi ndi ng'ombe zimayenda momasuka. Mbuzi imodzi ikhoza kutha ntchito ya chaka chonse m'maŵa umodzi. Tchingani mpanda tsiku lomwelo lowokera.

Maluŵa akatuluka mudzaona njuchi ndi bemberezi zikuzungulira. Musaziphe, ndizo zimathandiza kuti zipatso zigwire. Chipatso chikapsa chimagwa chokha, inu muzingotola tsiku ndi tsiku. Mukamaliza kukolola dulirani nthambi zakale, pakuti magalagadeya amabala pa nthambi zatsopano.

Chenjerani ndi matenda ena amene amafalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba. Masamba amapiringizika, zipatso zimapindika n'kuuma gwa ngati mtengo, m'kati mopanda madzi. Matenda ameneŵa alibe mankhwala. Zulani chomeracho, muchitenthe, ndipo muŵauze alangizi a zaulimi a m'dera lanu. Dziŵaninso kuti magalagadeya sakhalitsa. Pakatha zaka 3 mpaka 5 amafooka, choncho m'chaka chachitatu fesani ena oloŵa m'malo.

Pomaliza, tengani kope lanu. Lembani tsiku lofesa, tsiku lowokera ndi tsiku limene mwatola chipatso choyamba. Ŵerengani zipatso za sabata iliyonse ndi ndalama zimene mwapeza. Kulemba kumene mwaphunzira kukugwirireni ntchito pa khomo panu. Yambani ndi mbande 2 kapena 3 zokha, zimene mungathe kuzithirira m'chilimwe chonse. Tikadzakumananso, aliyense abwere ndi kope lake, tidzaŵerengerane.