Keke ya pa 1 Januwale



Amayi apampando atandiimbira foni kuti ndidzalankhule pa chikondwerero cha zaka 10 za chiyanjano chathu, ndinawafunsa kuti, "Ndikanene chiyani ine, munthu wosadziwa kulalika?" Iwo anati, "Mukanene za keke ija." Ndiye amene mumayembekezera ulaliki wakuya mundikhululukire, lero ndabwera ndi nkhani ya kukhitchini.

Mayi anga anabadwira kumudzi kufupi ndi Lunzu, chaka cha njala ya 1949. Tsiku lenileni palibe analilemba. Agogo ankangoti mwanayu ndi wa chaka chija mvula inakana, anthu n'kumayenda mitunda kukasuma. Nthawi yopangitsa pasipoti itakwana, pamalo a tsiku lobadwa panalembedwa 1 Januwale 1949. Ndikuona mitu ikugwedezeka, kusonyeza kuti makolo a ambiri muno nawonso anabadwa pa 1 Januwale.

Mu Novembala 2023 amayi anabwera kudzationa kuno ku Leeds pa viza ya alendo ya miyezi 6. Tsiku lina mwana wanga wamkazi, wobadwira konkuno, anatsegula pasipoti ija. Anabwera kukhitchini akuthamanga, ndi Chichewa chake chothyokathyoka chija: "Mami, agogo akwanitsa zaka 75 pa chaka chatsopano. Tiwapangira chiyani?"

Abale, ndinachita manyazi. Ana anga chaka chilichonse amazimitsa makandulo, mabaluni ali mbwee nyumba yonse. Koma mayi amene anandibereka, chibadwire, palibe anawadulirapo keke. Ine ndinkawatumizira ndalama mwezi ndi mwezi, ya feteleza, ya mankhwala, ya malata, ndiye ndinkadziona ngati mwana wabwino ndithu. Za tsiku lawo lobadwa sindinaganizepo n'kamodzi komwe.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti amayiwa ndi wophika. Ife tinaphunzira sukulu ndi ndalama za zigumu. Ankadzuka tambala woyamba, kunyenya nthochi zakupsa, kusakaniza ndi mgaiwa, kuthira soda, mchere, ndi kashuga ngati kalipo. Mumpoto ankayala masamba a nthochi, kuthira zosakanizazo, kuvindikira, makala pansi, makala ena pamwamba pa chivindikiro. Dzuwa likamatuluka, chigumu chadulidwa kale, ali pa ulendo wa kumsika wa Lunzu, beseni pamutu. Chidutswa chilichonse chinali ndi ntchito yake: ichi cha kope, ichi cha sopo, ichi cha kuchigayo. Iwowo ankangodya makoko otsalira mumpoto. Sindikumbuka tsiku limene ndinawaona atakhala pansi ndi chidutswa chathunthu.

Maganizo anga oyamba anali oti ndiode keke kwa odziwa. Palibe tchimo pogula keke, musandimve molakwa. Koma mwana uja anandiyang'ana nati, "Agogo ankaphika okha, inu mukufuna kugula?" Ana akuno salankhula mozungulira, mukuwadziwa. Ndinati chabwino, ndiphika ndekha, ndipo chikhale chinsinsi.

Pa 31 Disembala chaka chimenecho linali Lamlungu. Ndinagwira shifiti ya m'mawa kunyumba yosamalira okalamba, ndinafika pakhomo cha m'ma 4 koloko, miyendo itatupa. Usiku womwewo tinali ndi mapemphero olowera chaka. Mwana ndinamupatsa ntchito yosunga agogo ake pabalaza, aziwaonetsa makwaya akumudzi pa YouTube. Ine ndinadzitsekera kukhitchini, diso pa wotchi.

Tsopano mverani zimene munthu wothamanga amachita. Batala anali wouma gwa, wochokera mufiriji, ndiye ndinamuponya mu microwave mpaka anasanduka mafuta. Mazira ndinawaswera onse nthawi imodzi. Ufa unali uja amalemba kuti self-raising, woti baking powder alimo kale, koma ine ndinaonjezera supuni yathunthu kuti ikwere bwino. Zonsezo ndinakhuthulira m'chitini chimodzi chakuya. Patangotha mphindi 10 ndinatsegula uvuni kuti ndisuzumire. Patatha zina 5 ndinatsegulanso. Keke ija inakwera ngati phiri la Mulanje, ine mtima uli m'malo. Kenaka ndikuyang'ana chomwechi, pakati panayamba kutsika, kutsika, mpaka panasanduka chitsime. M'mphepete yapserera, m'kati muli phala.

Mazira anali atatha. Mukudziwa kuti kuno Lamlungu masitolo akuluakulu amatsegula maola 6 okha, ndiye anali atatseka kalekale, ndipo kasitolo kapakona kathu nako tsiku limenelo kanatseka msanga. Ndinakhala pampando n'kuyamba kulira. Sikuti ndinkalirira ufa ndi shuga ayi. Ndinkalira kuti ndimatha kusambitsa ndi kudyetsa makolo a eni tsiku lonse, koma chinthu chimodzi chokha chimene ndinafuna kuchitira mayi anga ndi manja anga chandikanika.

Fungo la chopserera silisunga chinsinsi. Chitseko chinatseguka, amayi alowa, atafunda chitenje pamwamba pa majuzi awiri. Anayang'ana keke ija, anaidina ndi chala pakati, n'kundifunsa, "Unatsegula kangati?"

Ndinati, "Kawiri, amayi."

"Unkafuna kuona chiyani? Kodi chigumu chija unandionapo ndikuvundukula makala asanazilale? Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana iwe."

Kenaka anafunsa kuti keke yake ndi ya ndani. Ndinati, "Ndi yanu. Mawa mukukwanitsa zaka 75." Anakhala chete. Anakoka mpando, anakhala, n'kunena chapansipansi kuti, "Ine? Inenso ndili ndi tsiku?"

Funso limenelo mpaka lero limandibaya.

Mwana wanga ndi amene anatenga foni yanga n'kulemba pa gulu lathu la WhatsApp kuti, "Tikufuna mazira 4, mwachangu." Apa ndi pamene ndinadziwa kuti chiyanjano ndi chiyani. Pasanathe mphindi 30 belu linalira katatu. Mayi wina anabwera ndi mazira. Wina anabwera ndi zitini ziwiri zophikira keke, akuti chimodzi chakuya chija ndiye chinandipha. Wachitatu anabwera ndi Stork ndi botolo la jamu, atavala kale zakutchalitchi. Sinditchula maina, mukudzidziwa nokha, ndipo Mulungu akukumbukireni. Palibe anandiseka. Chabwino, mmodzi anaseka pang'ono ataona chitsime chija.

Keke yachiwiri tinaphika ndi mwini wake. Amene mukufuna kulemba, lembani, chifukwa njira yake ndi yosavuta. Batala kapena majarini magalamu 225, wofewa koma wosasungunuka. Shuga woyera wosalala magalamu 225. Mazira 4, osati ozizira a mufiriji. Ufa wa self-raising magalamu 225. Uvuni muyatsiretu pa madigiri 180, kapena 160 ngati ndi wa fani. Zitini ziwiri za masentimita 20, muzipake mafuta, pansi muyale pepala lophikira.

Choyamba mutakase batala ndi shuga mpaka ziyere, zipepuke. Ine ndinatulutsa makina, amayi anakana. Anatenga mthiko umene anabwera nawo kuchokera kumudzi, mbale pamiyendo, n'kuyamba kutakasa. Mkono wozolowera kuvundula nsima ya banja lonse suopa batala. Kutakasako ndi kumene kumalowetsa mpweya, ndipo mpweyawo ndi umene umapepuza keke. Batala wosungunuka sasunga mpweya, ndiye ine ndinali nditalakwa kuyambira pachiyambi. Kenaka mazira, limodzilimodzi, lililonse lilowerere musanaswe linzake. Pomaliza ufa, wosefa, ndipo apa simutakasanso mwamphamvu, mumangotembenuza pang'onopang'ono kuti mpweya uja usathawe. Baking powder woonjezera ayi. Akachuluka, keke imakwera mofulumira kuposa mphamvu zake, kenaka imagwa.

Titagawa m'zitini ziwiri zija n'kulowetsa mu uvuni, amayi anakoka mpando n'kukhala patsogolo penipeni pa chitseko, ngati mlonda wapageti. Mphindi 20 zoyamba palibe analoledwa kuyandikira. Chifukwa chake n'chakuti nthawi imeneyo m'kati mwa keke mukadali mwamadzi, mazira ndi ufa sizinalimbe. Mukatsegula, mphepo yozizira imalowa, kutentha kumatsika, ndipo chimene chinakwera chimaphwa. Amayi sanaphunzire zimenezi m'buku. Anaziphunzira pa mbaula, pamene chigumu chimodzi chikaonongeka ndiye kuti mwana wina apita kusukulu wopanda kope.

Mphindi zimenezo tinangokhala, atatu, mibadwo itatu, kuyang'ana kagalasi ka uvuni. Foni panalibe anaigwira. Amayi anayamba kufotokozera mdzukulu wawo za njala imene anabadwiramo, monga anamvera kwa agogo, ndi za mchimwene wawo amene anapita kumigodi ku Joni osabwerako. Nkhani zina ine mwana wawo ndinali ndisanazimvepo. Zaka zonsezi pafoni timangofunsana kuti, "Ndalama ija mwalandira?"

Patatha mphindi 25 tinabaya kampeni pakati, kanatuluka kouma. Tinazisiya kuti zizizire, ife n'kuthamangira kumapemphero. Amene munationa tikulowa 11 koloko itadutsa, tikununkhira keke, chifukwa chake n'chimenecho.

M'mawa mwake tinapaka jamu pakati, kusanjikiza, kuwaza shuga pamwamba. Inali yopendekeka pang'ono mbali imodzi, yopanda maluwa, yopanda dzina. Makandulo 75 sakanakwana, ndiye tinaika awiri, wa 7 ndi wa 5. Titawauza kuti azimitse, iwo anati, "Tiyambe tapemphera." Pemphero la mayi wa mvano mukulidziwa kutalika kwake. Anatchula ana, zidzukulu, abusa, mvula ya kumudzi, odwala m'zipatala, makandulo akungosungunukira pa keke. Atati amen ndi pamene anauzira.

Kenaka anatenga mpeni n'kuyamba kugawa. Uyu chidutswa, uyu chidutswa, uyu chidutswa. Ndinangoona mbale ikutha, iwo akutolera nyenyeswa ndi chala, monga ankachitira ndi makoko aja. Mwana wanga anawagwira dzanja nati, "Ayi agogo, lero oyamba ndinu." Anabweza chidutswa chake, chachikulu kuposa zonse, n'kuwaikira patsogolo. Amayi analuma, anatafuna mosafulumira, tonse tikudikira. Ndiye anati, "Shuga wachuluka." Koma anamaliza chonse, ndipo madzulo ndinawapeza atakulunga kachidutswa kena m'kapepala, akuti ka tiyi wa mawa.

Abale ndi alongo, pa Yohane 12 timamva za Mariya wa ku Betaniya, amene anatenga mafuta onunkhira a mtengo wapatali n'kudzoza mapazi a Yesu pa chakudya, Yesuyo akali moyo. Yudasi anaona kuononga, anawerengera mtengo wake. Ambuye anamuikira kumbuyo mayiyo. Patapita masiku owerengeka amayi ena anapita kumanda m'mamawa ndi zonunkhira zawo, koma anapeza woti amudzoze mulibe. Onsewa ankamukonda. Koma amene mafuta ake anafika pathupi la Ambuye ndi uja sanadikire.

Pa zaka 10 zimenezi chiyanjano chathu chaonetsa kuti maliro timawadziwa. Uthenga ukangofika, timasonkha mapaundi, timagona pa siwa, timathandizana kutumiza thupi kumudzi, timaperekezana ku bwalo la ndege. Zimenezo tisasiye, ndi ulemu wathu. Koma ndikufunsa: tingasonkhe mazira 4 munthu akali moyo? Ine ndaona kuti tingathe, chifukwa zinachitika pakhomo panga.

Ndiye ndili ndi mapempho awiri. Loyamba, amene makolo anu akalipo, fufuzani tsiku lawo. Ngati silidziwika, la pa pasipoti kapena la pa chiphaso cha unzika lomwelo likwanira. Ngati ali kumudzi, pemphani achemwali awaphikire, kaya ndi keke, kaya ndi chigumu cha pa mbaula, inu muimbe pa vidiyo, ndipo tsiku limenelo nkhani ya ndalama isatuluke. Afunseni za ubwana wawo, mumvetsere.

Lachiwiri ndi la ife tomwe muno. Tili ndi ana asukulu amene anabwera okha, tili ndi anzathu amene mabanja awo anatsala kumudzi, tili ndi akuluakulu amene tsiku lawo limawapeza ali kushifiti ya usiku, osamva mawu a munthu. Ndikupempha komiti kuti Lamlungu lomaliza la mwezi uliwonse banja limodzi liziphika keke ya onse obadwa mwezi umenewo. Yophika pakhomo, ngakhale ipendekeke. Mwezi wa Januwale ndatenga ine. Abambo, musayang'ane pansi, sikelo ndi uvuni sizisankha munthu.

Amayi anabwerera ku Lunzu mu Epulo chaka chomwecho, ali bwino, ndipo akupereka moni. Mthiko uja anandisiyira. Ndamva kuti tsopano pa 31 Disembala amayamba okha kukumbutsa anthu kuti mawa ndi tsiku lawo.

Ambuye adalitse chiyanjano chathu, atipatse zaka zina 10 tili pamodzi. Amen.